Réunion Yasiya Malasha, Koma Sitima Zikubwerabe

Pachilumba cha Réunion, chimene ndi gawo la dziko la France koma chili kum'mawa kwa Madagascar, machumuni amene anafuka utsi wa malasha kwa zaka pafupifupi 30 akufukabe mpaka lero. Chimene chasintha ndi chosonkhezera moto. Kampani ya Albioma, eni ake malo opangira magetsi a Bois-Rouge ku Saint-André ndi a Le Gol ku Saint-Louis, inasiya malasha ku Bois-Rouge mu 2023 ndipo ku Le Gol mu 2024, n'kuyamba kuwotcha timibulu ta utuchi woumba pamodzi ndi zotsala za nzimbe. Nayo kampani ya EDF inasintha mainjini ake 12 a ku Port Est kuti asiye mafuta a pansi pa nthaka n'kumamwa mafuta ofinyidwa ku mbewu ya rapeseed. Zitatero, mabuku owerengera anaonetsa kuti mu 2024 magetsi oposa 90 peresenti a pachilumbachi anachokera ku mphamvu zongowonjezereka, pomwe zaka zochepa m'mbuyomo chiwerengerochi chinkangozungulira pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ena akuwomba m'manja, akuti nachi chitsanzo cha zilumba zonse. Ena akuti uku n'kungopaka utoto wobiriwira pachumuni chakale. Mauritius, imene ili pafupi ndipo mu 2021 inalonjeza kusiya malasha pofika 2030, ikumvetsera mkanganowu mwatcheru.

Ine ndaima apa: kusiya malasha kunali koyenera, kuwotcha zotsala za nzimbe n'kwanzeru, koma kudzaza mpata wa malasha ndi mitengo yodulidwa kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu si chipambano chimene akuchilengezachi. Ndi chikomekome cha mkuyu. Chilumba chimene chinkadikira sitima ya malasha tsopano chikudikira sitima ya nkhuni, yochokera kutali kuposa poyamba, ndipo mpweya wotenthetsa dziko ukukwerabe kumwamba pachumuni chomwecho, kungoti wasiya kulembedwa m'buku la Réunion. Timibulu toitanitsati tikanayenera kukhala mlatho wowolokerapo, wokhala ndi tsiku lodziwika louphwasula. M'malomwake atisandutsa maziko a nyumba. Ndikudziwa kuti amene akutsutsana nane si anthu opanda nzeru, ndipo zina mwa zifukwa zawo ndi zolemera, choncho ndizitenga chimodzichimodzi. Koma tiyambe taona mmene malowa amagwirira ntchito, chifukwa mawu akuti biomass, amene amatanthauza zomera zowotchedwa kuti zipereke mphamvu, akuphimba zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Bois-Rouge inayamba kupukusa magetsi mu 1992, Le Gol mu 1995, ndipo onsewa anamangidwa moyandikana ndi mafakitale awiri a shuga amene atsala pachilumbachi. Nzeru yake inali yabwino ndithu. Nzimbe ikafinyidwa pamatsala makoko ndi ulusi wake, zomwe pantchitoyi amazitcha bagasse, pafupifupi makilogalamu 300 pa tani iliyonse ya nzimbe. Zotsalazi amaziponya m'ng'anjo, moto umawiritsa madzi, nthunzi imazunguza makina opukusa magetsi, ndipo nthunzi ina imabwerera kufakitale kukaphika shuga. Amene anafikako ku Nchalo kapena ku Dwangwa akudziwa kuti kwathu kunonso mafakitale a shuga amadziyatsira moto ndi zotsala zomwezi. Vuto ndi loti nzimbe ili ndi nyengo. Ku Réunion amadula kuyambira cha mu July mpaka December, ndipo ngakhale m'miyezi imeneyo zotsalazo sizikwanira ng'anjo zonse. Miyezi inayo, ng'anjo zinkadya malasha ochokera ku South Africa. Ndiye funso la "kusintha" silinali lokhudza nzimbe ayi, poti nzimbe inkawotchedwa kale kuyambira tsiku loyamba. Funso linali lakuti, m'malo mwa malasha aja tiikemo chiyani? Yankho limene linasankhidwa ndi timibulu ta mitengo, tochuluka matani masauzande mazanamazana pachaka, tambiri mwa ito tochokera kunja. Albioma inafika pogula fakitale yakeyake youmba timibuluti ku Quebec, m'dziko la Canada, mu 2021.

Mfundo yoyamba ya ochirikiza kusinthaku ndi imene imamveka yokoma kwambiri: mtengo umaphukanso, malasha saphukanso. Iwo amati mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka mtengo ukapsa ndi womwewo umene mtengowo unayamwa pamene unkakula, ndipo mtengo watsopano udzauyamwanso, choncho palibe chowonjezera. Malasha ndi mpweya umene unakwiriridwa pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, ndipo ukaufukula wauwonjezera mumlengalenga mpaka kalekale. Pamfundo imeneyi ndi pamene malamulo a European Union amawerengera utsi wa nkhuni pachumuni ngati ziro, ndipo ndi pamene Albioma inaimira ponena kuti kusintha kwa Bois-Rouge kokha kudzachepetsa mpweyawu ndi matani pafupifupi 640,000 pachaka. Sindikukana kuti mtengo umaphukanso. Chimene ndikukana ndi kuiwala nthawi. Mayi aliyense wa kumudzi amadziwa kusiyana kwa kuphikira mapesi ndi zitsononkho, ndi kugwetsa m'bawa kuti aphikire. Mapesi a chaka chino adzakhalaponso chaka chamawa mvula ikagwa. M'bawa ukagwa, mwana amene akuyamwa lero adzayamba imvi asanakhale pamthunzi wa wolowa m'malo mwake. Nzimbe ili ngati mapesi: imadulidwa, imapsa, imaphukanso m'miyezi 12. Mtengo wa m'nkhalango yozizira ya ku Canada uli ngati m'bawa, kapena kuposa apo, chifukwa kumalo ozizira mitengo imakula pang'onopang'ono.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Pachumuni penipenipo, nkhuni zimatulutsa carbon dioxide wochuluka kuposa malasha pa yuniti iliyonse ya magetsi, chifukwa moto wa nkhuni ndi wofooka. Pamafunika pafupifupi tani ndi theka ya timibulu kuti igwire ntchito ya tani imodzi ya malasha. Ndiye tsiku limene wasintha, mpweya mumlengalenga suchepa. Watenga ngongole, n'kulonjeza kuti nkhalango idzabweza. Kafukufuku amene John Sterman wa ku yunivesite ya MIT ndi anzake anatulutsa mu 2018 anapeza kuti m'nkhalango za kum'mawa kwa United States, ngongole yotereyi imatenga zaka 44 mpaka 104 kuti ibwezedwe, ndipo izi n'zotheka pokhapokha nkhalangoyo itasiyidwa kuti ikulenso, osapsa ndi moto wolusa, osasanduka munda. Mu February 2021 asayansi oposa 500 analembera atsogoleri a United States, European Union, Japan ndi South Korea kuwachenjeza za zomwezi. Tsono mpweya ukakhala kumwamba zaka 40 ukudikira kuti mtengo ukule, sukhala chete. Umatenthetsa nyanja tsiku ndi tsiku, nyanja yomweyo ya Indian Ocean imene inabereka Freddy, amene anadutsa kumpoto kwa Mauritius ndi Réunion mu February 2023 asanadzagwetse mapiri pa anthu ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mwezi wotsatira. Ngongole imene chiwongoladzanja chake chikulipidwa ndi anthu amene sanasaine nawo, kwathu timaitcha katapila.

Nanga bwanji buku likulemba ziro? Chifukwa dongosolo la mayiko lowerengera mpweya linagwirizana kuti mtengo ukadulidwa, mpweya wake ulembedwe m'buku la nthaka ndi nkhalango la dziko limene mtengowo unadulidwa, osati m'buku la magetsi la dziko limene unapsera. Cholinga chinali chabwino, kupewa kuwerenga chinthu chimodzi kawiri. Koma zotsatira zake n'zakuti wogula amatuluka woyera, ndipo dothi limatsalira m'buku la wogulitsa, kumene palibe amene akuliyang'ana polengeza za 90 peresenti ija. Zili ngati munthu amene wasesa pabwalo pake n'kukataya zinyalala kuseri kwa mpanda wa mnansi, kenaka n'kuitana a mfumu kuti adzaone ukhondo wake.

Ochirikiza ali ndi yankho pamenepa, ndipo ndi mfundo yawo yachiwiri. Amati timibuluti sitichokera ku mitengo yathunthu yodulidwira moto ayi, koma ku utuchi wa m'masomelo, nthambi, nsonga ndi mitengo yopindika imene ikanangowola kapena kutenthedwa m'nkhalango momwemo, ndipo tonse tili ndi ziphaso zotsimikizira kuti nkhalangozo zikusamalidwa. Izi zikakhala zoona, ngongole ija imafupika kwambiri, ndipo ndikuvomera. Utuchi umene ukanawola chaka chamawa palibe chifukwa choulirira. Koma utuchi uli ndi malire, chifukwa kuchuluka kwake kumadalira matabwa amene achekedwa, osati magetsi amene akufunika. Wogula akakula kuposa utuchi umene ulipo, tanthauzo la "zotsala" limayamba kutanuka. Chitsanzo chilipo pachilumba china chachikulu, cha Britain. Malo opangira magetsi a Drax ku North Yorkshire anasintha ng'anjo zinayi mwa zisanu ndi imodzi kuchoka ku malasha kupita ku timibulu, ndipo amawotcha matani mamiliyoni angapo pachaka, ambiri ochokera ku North America. Mu October 2022 atolankhani a BBC anaonetsa zipika zathunthu zochokera m'nkhalango zachilengedwe za ku British Columbia zikulowa m'fakitale ya kampaniyi. Mu August 2024 Drax inavomera kupereka mapaundi 25 miliyoni bungwe loyang'anira za magetsi la Ofgem litapeza kuti inapereka malipoti olakwika okhudza mtundu wa mitengo yochokera ku Canada, ngakhale bungweli silinanene kuti sabuside ya boma imene kampaniyi imapatsidwa inalandiridwa mwachinyengo. Sindikunena kuti Albioma ikuchita zimene Drax inachita. Ndikunena kuti msika wake ndi umodzi. Réunion ikagula utuchi weniweni wonse wa fakitale ina, amene ankagula utuchiwo popanga mabolodi kapena mapepala amapita kukafuna mtengo kwina. Ife amene taona mmene thumba la makala limayendera kuchoka ku Mwanza kapena ku Dzalanyama mpaka m'tauni, likudutsa pamalodibuloko angapo, tikudziwa kuti pepala lachilolezo ndi chinthu china, chitsa chotsala m'nkhalango ndi chinthu chinanso.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo sindiithawa. Chilumba sichingabwereke magetsi kwa mnansi. Réunion ili ndi anthu oposa 850,000, zipatala, mafiriji, mahotela ndi makina oziziritsa m'nyumba, koma palibe nthambo yoilumikiza ndi dziko lina lililonse. Dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko madzulo, nthawi yomwe aliyense wafika kunyumba n'kuyatsa mpunga pamoto, mapanelo a sola amagona. Magetsi opukusidwa ndi madzi a ku Takamaka ndi Rivière de l'Est, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankakwanira pafupifupi chilumba chonse, lero amangopereka kagawo, ndipo chilala chikabwera amachepa. Kuwonjezera apo, makina aakulu ozungulira a ku Bois-Rouge ndi Le Gol ali ndi ntchito ina yobisika: kulemera kwawo kumagwira magetsi kuti asagwedezeke mtambo ukaphimba dzuwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri malamulo a France ankalola kuti magetsi a dzuwa ndi mphepo azidulidwa akapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a magetsi onse a nthawi imeneyo. Ndiye injiniya akandifunsa kuti, "Mukanatseka malasha mu 2023 popanda timibulu, anthu akanayatsa chiyani?" sindingamuyankhe ndi ndakatulo. Aliyense amene anakhalapo mumdima wa maola 8 kapena 10 pamene Kapichira inawonongeka ndi namondwe wa Ana mu 2022 akudziwa kuti kuthima kwa magetsi si nkhani ya m'kalasi.

Komabe taonani chimene mfundoyi ikutsimikiza ndi chimene sikutsimikiza. Ikutsimikiza kuti ng'anjo zinayenera kupitiriza kuyaka kwa kanthawi. Sikutsimikiza kuti ziyenera kuyaka usana ndi usiku kwa zaka zina 20. Pamene bungwe la France loyang'anira za magetsi, CRE, linavomereza kusintha kwa Bois-Rouge kumapeto kwa 2020, mgwirizano wogula magetsi ake unatalikitsidwa mpaka 2043. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kampani ikathira ndalama zankhaninkhani posintha ng'anjo, pomanga nkhokwe zikuluzikulu zozungulira kudoko (timibuluti sitifuna chinyezi, tikanyowa timafufuma n'kusanduka phala, ndipo fumbi lake limatha kuphulika), ndi pogula malole onyamulira, ndalamazo ziyenera kubwerera, ndipo zimabwerera kudzera m'mgwirizano wautali. Malo amene alipiriridwa kale amakhala oyamba pamzere, ndipo sola ndi mabatire amene akubwera pambuyo amapeza mpando uli ndi mwini. M'zaka zomwezi mtengo wa mapanelo ndi mabatire watsika kwambiri padziko lonse. Kudzimangirira ku ng'anjo mpaka 2043 pa nthawi yotere kuli ngati kulipiriratu lendi ya zaka 20 m'nyumba yodontha pomwe yako ili pa windo.

Ndipo njira ina si maloto. Chilumba cha Oahu ku Hawaii, chimene chili ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, chinali ndi malo a malasha a mamegawati 180 ku Barbers Point. Anawatseka mu September 2022 osawasandutsa a nkhuni, ndipo patapita chaka ndi miyezi ingapo batire yaikulu ya mamegawati 185 ku Kapolei inayamba kugwira ntchito, kusunga magetsi a masana kuti atuluke madzulo ndi kugwira magetsi kuti asagwedezeke, ntchito ija tinkati ndi ya makina ozungulira okha. Pachilumba chachikulu cha Hawaii, kampani ya Hu Honua inafuna kuwotcha bulugamu pamalo akale a fakitale ya shuga ku Pepeekeo, amene nawonso anawotchapo malasha. Bungwe loyang'anira linakana mu 2022 poona mtengo wa magetsiwo ndi mpweya umene ukanatuluka, ndipo khoti lalikulu la boma la Hawaii linagwirizana ndi kukanako mu 2023. Kunena chilungamo, Oahu inalipira: itatseka malasha inawotcha mafuta ambiri kwa kanthawi ndipo mabilu anakwera. Walira mvula walira matope. Koma matope a Oahu ndi a nyengo imodzi, chifukwa munda uliwonse wa sola ndi batire iliyonse yatsopano ikuchotsa mafutawo mwachindunji. Réunion ili ndi dzuwa la m'madera otentha, madenga ambirimbiri amene anazolowera kale zotenthetsera madzi za sola, ndi mapiri otsetsereka moti madzi akhoza kupopedwera pamwamba masana n'kutsika usiku akupukusa magetsi. Zimenezi zikanayenera kukhala pakati pa pulani, ng'anjo n'kukhala mlonda wa usiku ndi wa masiku a mitambo.

Mfundo yachinayi ndi ya ntchito ndi ulimi. Amati ukatseka Bois-Rouge ndi Le Gol wapha mafakitale a shuga, popeza nthunzi yawo imachokera kumeneko, ndipo waphanso alimi a nzimbe, amene amalandira kandalama kowonjezera pa tani iliyonse chifukwa cha magetsi ochokera ku zotsala zija. Izi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake ndanena kale kuti ng'anjo ya nzimbe isazime. Koma mlimi wa ku Saint-Louis amapindula chiyani ndi sitima yochokera ku Quebec? Palibe. Ndalama ya timibulu imatuluka pachilumba monga momwe ndalama ya malasha inkatulukira. Ndipo nzimbe imene ikutchulidwa poteteza kusinthaku ikuchepa: chilumba chimene chinkadula matani pafupifupi 1.8 miliyoni pachaka chatsika kufika pansi pa 1.2 miliyoni mu 2024, chifukwa cha chilala, kukwera mtengo kwa feteleza, kusowa kwa odula ndi anamondwe, ndipo namondwe wa Garance anagwetsanso minda mu February 2025. Nzimbe ikamachepa, gawo la nkhuni zoitanitsa m'ng'anjo limakula. Wofuna kuthandiza mlimi athire ndalamayo m'munda, m'mithirira ndi m'mitundu ya nzimbe ya ulusi wambiri, osati m'nkhokwe za kudoko.

Pano ndiyeneranso kutsutsa anzanga a mbali yanga, amene amati yankho ndi losavuta: ingolimani nkhuni pachilumba pomwepo. Sizingakwane. Réunion ndi ya masikweya kilomita 2,512 okha, ndipo gawo loposa 40 peresenti ndi paki yotetezedwa imene UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2010. Malo olimika ndi kamzere ka m'mphepete mwa nyanja ndi m'zitunda, nzimbe yatenga kale pafupifupi theka lake, ndipo chakudya chambiri, kuphatikizapo mpunga umene amadya tsiku lililonse, chimabwera pa sitima. Zilipo ndithu zoti n'kuwotcha: nthambi zosadzidwa m'matauni, mapaleti othyoka, mitengo yachilendo yolanda nkhalango monga Acacia mearnsii. Ziwotchedwe, ndipo kuchotsa mitengo yolandayi n'kothandiza kawiri. Koma zonsezi ndi ndiwo, si nsima. Chimene chiwerengerochi chikutiuza si chakuti tifunefune nkhuni zambiri. Chikutiuza kuti ng'anjo zoposa mamegawati 200 ndi zazikulu kuposa nkhuni zimene chilumbachi chingabereke, ndipo moto uyenera kuchepetsedwa kuti ulingane ndi nkhuni, osati nkhuni kuitanidwa kuti zilingane ndi moto. Tisaiwalenso kuti kunja kwa nyengo ya nzimbe, pamene palibe fakitale yolandira nthunzi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutentha kwa nkhunizo amangotayika. Mtengo wayenda makilomita oposa 15,000 kuti gawo lalikulu la moto wake likatenthetse mphepo.

Mtunda umenewu ukutifikitsa ku lonjezo limene linayambitsa zonsezi. Lamulo la France la 2015 lokhudza kusintha kwa mphamvu linaika cholinga chakuti madera ake a kutsidya kwa nyanja akhale odziimira paokha pa mphamvu pofika 2030. Kudziimira, osati kungosintha dzina la katundu wa m'sitima. Malasha ankachokera ku Richards Bay, ulendo wosakwana makilomita 3,000. Timibulu ta ku North America timawoloka Atlantic yonse, mafuta a rapeseed nawo amachokera kutali, ndipo mukawonjezera petulo ndi dizilo wa magalimoto amene amadzaza misewu ya ku Saint-Denis m'mawa uliwonse, chilumbachi chikuitanitsabe kunja mphamvu zoposa 80 peresenti ya zonse zimene chimagwiritsa ntchito. Msika wa timibulu nawo si thanthwe. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mitengo yake inalumpha ku Europe konse, ndipo mu March 2024 Enviva, kampani yaikulu kuposa zonse padziko youmba timibuluti, inakapempha chitetezo kukhoti itamira m'ngongole. Chilumba chimene magetsi ake akudalira msika wotere chikhoza kutchedwa mayina ambiri, koma "chodziimira" si limodzi mwa iwo.

Otsutsa angathe kunena kuti, "Chabwino, koma munthu wamba sakumva kupweteka, bilu yake sinakwere." Zoona, ndipo chifukwa chake n'chofunika kwambiri kwa amene akufuna kutengera chitsanzochi. Réunion ndi gawo la France, ndipo lamulo limati wokhala ku Saint-Pierre alipire mtengo wa magetsi wofanana ndi wokhala ku Paris, ngakhale kupanga yuniti imodzi pachilumba kumadya ndalama zochuluka kwambiri. Kusiyanako kumalipidwa ndi thumba la dziko lonse la France. Ndiye timibulu tikhoza kudula kuposa malasha popanda wina kukuwa mumsewu. Mauritius ilibe Paris woilipirira. Kumeneko mafakitale opangira magetsi a eni minda ya nzimbe amayendera dongosolo lomwelija la nzimbe ndi malasha, ndipo tsiku losiya malasha likuyandikira. Akatengera Réunion ndendende, adzagula nkhuni ndi ndalama zakunja zimene alibe zokwanira, ndipo bilu idzafika pakhomo la munthu wamba yosachotsera kanthu.

Palinso funso la komwe nkhunizo zidzachokere zilumba zambiri zikalowa pamzerewu. Wogula aliyense wanzeru amafuna kufupikitsa ulendo wa sitima, ndipo nkhalango ndi minda ya mitengo zoyandikira Réunion ndi Mauritius zili ku Madagascar, Mozambique ndi South Africa. Pamapepala zidzaoneka bwino: ulendo waufupi, mpweya wochepa wa sitima, ntchito kwa anthu a m'derali. Koma mayiko amenewa ndi omwe mabanja ambiri amaphikirabe nkhuni ndi makala, ndipo wogula wolipira ndi ma euro akafika pamsika umodzi ndi mayi wogula kamulu ka makala, tikudziwa amene adzapite ndi mtengo. Ifenso tili ndi chikumbutso chathu ku Chikangawa, kumene mahekitala oposa 50,000 a paini anabzalidwa kuti adyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo ogula matabwa atachuluka mapiri anayera m'zaka zochepa kuposa zimene mitengoyo inatenga kuti ikule. Kubzalanso kunalembedwa m'mapangano.

Chimodzi ndiwapatse ochirikiza popanda kukangana: utsi wa malasha uli ndi sulfure ndi mercury wambiri, phulusa lake ndi lovuta kutaya, ndipo anthu okhala pafupi ndi Bois-Rouge ndi Le Gol apumako ku zimenezo, ngakhale utsi wa nkhuni nawo uli ndi fumbi losaoneka lofuna zosefera zabwino. Palibe amene akupempha kuti malasha abwerere. Chimene ndikupempha ndi chakuti 90 peresenti ija igawidwe pawiri polengeza, anthu aone gawo lochokera ku dzuwa, madzi, mphepo ndi nzimbe za pachilumba, ndi gawo lotsika m'sitima. Boma la France ndi khonsolo ya chigawo cha Réunion, amene amalembera limodzi pulani ya mphamvu ya chilumbachi, aike malire a matani a timibulu toitanitsa amene azitsika chaka ndi chaka, ndipo megawati iliyonse ya sola ndi batire ikalowa izichotsa sitima, osati kungokhala pambali pake. Britain, itathira mapaundi mabiliyoni ambiri ku Drax, inalengeza mu February 2025 kuti kuyambira 2027 sabuside idzadulidwa pafupifupi ndi theka ndipo malowo azidzayaka nthawi yochepa, pamene mphepo ndi dzuwa zaperewera. Zawatengera zaka zoposa 10 kuti afike pamenepo. Réunion ili ndi mgwirizano wofika 2043.